Mchere wa Agha Homayun

Darband, Tehran
8 Okutobala 1993

Amake Golnesa,

Mtendere ukhale nanu nonse kumeneko. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana womwe mukuudziwa kale. Ndikhulupirira kuti chifuwa chanu chija chatsikako. Golnesa mwana wanga, popeza ndiwe ukuwerenga, werenga pang'onopang'ono kuti amako amve, usathamange ngati wakupirikitsa galu.

Ntchito ndaipeza, Mulungu ndi wamkulu. Ndili pamalo odyera a a Haji kumtunda kwa mtsinje, ndipo ndine wamakala. Musaseke. Anthu akavula nsapato n'kukwera pa nsanja zawo, wina amawabweretsera tiyi, wina nyama yootcha, koma kaliwo wamadzi akayamba kuzima amaitana ine. Tsiku lonse ndimapukusa kadengu ka makala n'kumathamanga ndi mbaniro, nsanja iyi, nsanja iyo. Anthu a m'tauni muno ulesi! Munthu wandevu zake kutsamira mtsamiro kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, akungoliza madzi m'kaliwo kuti gudugudu, ngati kwawo kulibe mbuzi yoti aidyetse.

Ndatumiza ndalama, matomani zikwi zisanu, ndi dalaivala wa basi ya ku Gonabad. Mugule mafuta a nyale ndi tiyi, zotsalazo mubise pomwe paja. Maluwa a zafarani, zokometsera zakudya zodula zija za m'munda mwathu, akayamba kutuluka muziwathyola dzuwa lisanawawombe, ndipo musalole mlamu wanga Barat kukagulitsa yekha, manja ake ndimawadziwa. Zinthu kuno zakwera moti kamphika kamodzi ka dizi, nyama ya nkhosa ndi tchana basi, mtengo wake kwathu mungagule nkhuku yamoyo.

Za sukulu yosoka yomwe Golnesa akulirira, ndamva. Adikire. Tauni ino siithawa.

Anthu ambiri kuno sandiona n'komwe, amangoona mbaniro. Koma alipo bambo mmodzi, Agha Homayun, amene amabwera Lachinayi lililonse n'kukhala pa nsanja ya pamwamba pa madzi. Atangondimva ndikuyankhula anati ndine wa ku Khorasan, ndipo anatchula ngakhale dera lathu osaphonya. Tsopano amandiitana ndi dzina. Ndi munthu waukhondo, mawu ake ofatsa, nsapato zake zowala ngati galasi. Amabwera ndi mwana wamkazi wa mlongo wake kudzamudyetsa. Ana a mlongo wakeyo ndi ambiri ndithu, chifukwa sindinaonepo nkhope imodzi kawiri.

Ndine mwamuna wanu,
Safarali

30 Okutobala 1993

Amake Golnesa,

Moni wa mtendere. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti maluwa ayamba bwino. Ine zala zapsa mpaka sizimvanso moto, koma thupi lonse lili bwino.

Lero ndili ndi nkhani yoti mukawauze akazi anzanu kuchitsime. Mwamuna wanu wadya pa nsanja ngati bwana!

Lachinayi lapitali ndikusintha makala pa kaliwo wa Agha Homayun, iwo anati ndikhale pansi, dizi wawo sangamumalize okha. Ndinakana monga munthu woleredwa akanira, ndinati ndadya kale, ngakhale m'mimba munali mukulira. Anabwereza, ndinakana. Anabwerezanso, ndinakananso. Aliyense amadziwa kuti zikafika pamenepo woitana uja wachita ulemu wake, wokana wachita wake, nkhani yatha. Koma iwo anaitana a Haji eni malo n'kuwauza moseka kuti wamakala wawo akuwanyoza. A Haji anangogwedeza mutu akuyang'ana kumtsinje, nati ndikhale.

Ndinavula nsapato, manyazi ali tho chifukwa cha masokosi mukuwadziwa aja. Anandisinjira okha nyama ndi tchana m'mbale. Kenako anaphwanya anyezi ndi nkhonya, anawaza mchere ndi zala zawo, anakulunga m'buledi n'kundiika m'manja. Anati, "Idya, m'bale wanga." Ndinadya. Ndinamwanso chambiko, ndipo pomaliza anandipatsa kaliwo wawo kuti ndikokeko. Ine amene ndimaikapo makala tsiku lonse, fodya wa maapozi ameneyu ndinali ndisanamulawepo. Mutu unazungulira.

Anafunsa za kumudzi, za munda, za ana. Ndinatulutsa chithunzi cha Golnesa chija ndimasunga m'chipewa. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anati akufuna akamuonetse mlongo wawo, adzabweza. Munthu wakudyetsa ndi dzanja lake, ungamukanize kapepala?

Chimene chandidabwitsa ndi Mashti Ghorban, nkhalamba yophika dizi, yomwe yakhala pano chiyambire malo ano. Masiku onse amandisungira fupa la mafuta n'kumanditcha ngamila ya ku Khorasan. Tsiku limenelo nditabwerera kukhitchini sanaseke. Anandifunsa ngati ndadyadi. Nditavomera anafunsanso ngati mchere anathira ndi iwo kapena ine. Nditamuuza, anangotembenukira ku miphika yake n'kunena kuti wantchito amadyera kukhitchini, choimirira. Ndi nsanje ya ukalamba, ndikuganiza choncho.

Denga la khola mulimate mvula isanayambe.

Safarali

21 Novembala 1993

Amake Golnesa,

Mtendere kwa inu ndi mwana. Kuno kwayamba kuzizira, nsanja zonse azikutira mapepala apulasitiki ndipo mkati aikamo mbaula. Utsi umandikhalitsa ndi mutu, koma si matenda.

Mumve bwino ziwiri izi.

Choyamba. Agha Homayun ali ndi ulendo wa malonda wopita ku Mashhad, ndipo adzipereka okha kuti apatuke adzakutulireni katundu. Ndawapatsa thumba la mpunga, tiyi, ndi nsalu yobiriwira ya Golnesa. Njira ndawalongosolera yonse, kuyambira pa mphambano mpaka pa mtengo wa makangaza wa pakhomo pathu. Kuti musakayike kuti atumidwa ndi ine, ndawapatsa mikanda yopempherera ya malemu bambo anga, yofiira ija. Mukaiona, mutsegule chitseko. Muwaphere nkhuku, muwayalire pa kapeti wabwino uja. Ndadya mchere wawo, musandichititse manyazi.

Chachiwiri. Golnesa, usadumphe, khala pansi uwerenge. Anandiitananso kudya, ndipo chakudya chili pakati anandiuza kuti mlongo wawo ali ndi nyumba yosokera zovala kuno, amatenga atsikana akumudzi, amawaphunzitsa, amagona konko. Akuti ataona chithunzi chija anakondwa. Kenako anangoti, "Mtumize, Safarali." Buledi wawo ali m'kamwa mwanga, ndikanatani? Ndinaika dzanja pa diso n'kuvomera, monga tichitira tonse munthu wamkulu akapempha. Koma kuvomera kwa pa chakudya si kuvomera ayi, zimenezo ngakhale mwana amazidziwa. Nkhani ya mwana wamkazi imafuna kuti mayiyo abwere yekha, mumuone, amalume ake amve, tikaone nyumbayo. Iwonso ndi munthu woleredwa, akudziwa kuti ndinangowapatsa ulemu. Choncho akatchula nkhaniyi kumeneko, mungomwetulira n'kuwathirira tiyi wina.

Mashti Ghorban sakundisungiranso fupa. Dzulo anandifunsa ngati mudzi wathu uli ndi foni. Nditati ayi, anatukwana mphika womwe sunamulakwire kanthu.

Zafarani musagulitse onse, mtengo udzakwera chaka chathu chatsopano cha mu Malichi chikayandikira.

Mwamuna wanu,
Safarali

14 Disembala 1993

Amake Golnesa,

Ndikukupatsani moni. Ndili moyo. Zafarani ndi masawu ouma omwe munatumiza ndalandira, Mulungu adalitse manja anu.

Agha Homayun abwerako akukutamandani pakamwa posatseka. Akuti nkhuku yotero sanadyepo. Nyumba yathu akuidziwa tsopano kuposa ine: akuti chitseko chakumbuyo chilibe loko, akuti galu wathu ndi wofatsa, akuti Golnesa amapita yekha kukatunga madzi m'mawa ndipo ndi wamtali kuposa pa chithunzi. Ananena zonsezi moseka, akupemerera utsi m'mwamba. Ine ndinasekanso nawo, koma sindikudziwa chifukwa chake makala anandigwa pa mbaniro.

Mikanda ya bambo sanabweze. Akuti anaiwala m'galimoto. Chithunzi nachonso chikadali kwa mlongo wawo. Sindinawaumirire. Mukudziwa mmene zimavutira kulonjerera kanthu kwa munthu amene wakunyamulira mpunga ulendo wonse uja osalandira ngakhale ya mafuta.

Lachinayi anabwera ndi mwana wina wa mlongo wawo. Wamng'ono, msinkhu wa Golnesa, milomo atapaka zofiira koma manja ake ogwira khasu. Anamuitanitsira nyama yootcha ndi mpunga wa batala, iye osakhudza. Iwo atapita kukasamba m'manja, ine ndikuwerama pa kaliwo, mtsikanayo anayankhula osandiyang'ana. Anati, "Amalume, basi ya ku Kashmar ndi ndalama zingati?" Kayankhulidwe kake n'kakwathu kwenikweni. Ndisanayankhe iwo anatulukira, anakhala pansi, anamugwira dzanja mwachikondi ndithu, koma ndinaona zala zawo zitayera pomwe anagwirapo. Mtsikanayo anayamba kudya.

Pali zina zomwe ndikanalemba, koma kalata imadutsa m'maso mwa mwana. Ndingoti chitseko chakumbuyo chija Barat aikepo loko sabata ino, ndalama ndidzamubwezera. Kumadzi muzipita awiri. Golnesa, usakwinye nkhope, ndikukuona ngakhale ndili kuno. Nsalu yobiriwirayo usoke diresi la chaka chatsopano, ndidzabwera kudzaliona.

Safarali

9 Januwale 1994

Amake Golnesa,

Moni. Za thanzi tisiye, mvetserani. Golnesa, uwerenge chilichonse monga ndalembera, usadumphe liwu ngakhale likupweteke.

Tsiku langa lopuma ndinapita kukafuna nyumba yosokera ija. Msewu anandiuza ndi iwo omwe, kalekale tikucheza. Ndinaupeza, ndinayenda uku ndi uku mpaka mapazi anachita dzanzi m'chipale chofewa. Pamene anati pali nyumbayo pali sitolo ya matayala. Ndinafunsa wogulitsa buledi, ndinafunsa wometa, ndinafunsa amayi okalamba a pakona. Palibe amene anamvapo za mayi wosoka, ndipo wometa uja anandiyang'ana mwachisoni mpaka ndinachita mantha.

Nditabwerera ndinamugwira Mashti Ghorban pamkono n'kumuuza kuti sindimusiya mpaka ayankhule. Anatseka chitseko cha khitchini. Anati wamakala amene ndinalowa m'malo mwake, bambo wa ku Lorestan, nayenso anadyapo pa nsanja ya pamadzi ija. Anyezi yemweyo, mchere womwewo. Nayenso anali ndi mwana wamkazi. Ndinafunsa kuti ali kuti bamboyo tsopano. Anati ndikafuna kumuona ndipite ku depoti ya mabasi ya kumwera, amakhala pa benchi pafupi ndi khomo, akuonetsa chithunzi kwa aliyense wotsika basi. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze tsiku loyamba lija. Nkhalamba inalira. Inati ili ndi zidzukulu, ndipo a Haji sakonda wantchito wothamangitsa makasitomala.

Lachinayi ndinalimba mtima. Ndikuika makala ndinawauza Agha Homayun kuti mwana sabwera, amake akudwala ndipo akufunika pakhomo. Sanakwiye. Anakoka kaliwo, madzi analira, kenako anati, "Safarali, unavomera dzanja lili pa diso, mchere wanga uli pa lilime. Kapena kwanu munthu amadya n'kuiwala?" Ndinati kuvomera kuja kunali kwa ulemu chabe, iwonso akudziwa. Anaseka n'kunena kuti iwo ndi munthu wamalonda, za ulemu wakumudzi sazitsata. Ananyema buledi n'kundipatsa. Sindinalandire. Aka n'koyamba m'moyo wanga kusiya dzanja la munthu lili m'malere ndi buledi. Iwo anangomuika pa mbale bwinobwino n'kufunsa ngati msewu wakwathu umatsekeka kukagwa chipale.

Tsono imvani. Munthu ameneyu akabwera, musatsegule. Akaonetsa mikanda ya bambo, musatsegule. Akanena kuti ndamutuma, kuti ndadwala, kuti ndafa, musatsegule. Zija ndinalemba zoti ndadya mchere wake muiwale, tchimolo likhale pa ine. Golnesa akagone kwa Barat kuyambira lero. Mwana wanga, ndikudziwa kuti udana nane chifukwa cha sukulu, dana nane uli pakhomo.

Ndikuopa, amake Golnesa. Mundiyankhe tsiku lomwelo.

Safarali

27 Januwale 1994

Amake Golnesa,

Mtendere ukhale nanu, ngati kalatayi ikupezani. Yankho lanu sindinalione. Dalaivala wa ku Gonabad akuti msewu wokwera kwathu watsekeka ndi chipale, makalata angounjikana kumunsi. Ndinayesa kuimba foni ku sitolo ya pa mphambano, sinalowe.

Lachinayi ladutsa kawiri, nsanja ya pamadzi ili yokha. Ndinapempha a Haji kuti andilole ndibwere, anati nyengo ino anthu amafuna moto kuposa chakudya, ndikachoka ndisabwererenso, ndipo malipiro a mwezi uno apereka mwezi ukatha. M'thumba ndilibe ndalama zokwanira kukwera basi, zonse ndinatumiza. Mashti Ghorban wandilonjeza kuti andipatsa zake Loweruka.

Ndibwerezanso, mwina ija inatayika: musatsegulire Agha Homayun, ngakhale abwere ndi mikanda. Mwana akhale kwa Barat.

Chakudya sichikulowa. Ndikaona munthu akuwaza mchere pa anyezi, ndimachokapo.

Safarali

4 Febuluwale 1994

Zobeide mkazi wanga,

Ndakuitanani ndi dzina lanu chifukwa linalo likundikanika kulemba.

Kalata yanu, yomwe akuti wina anatsika nayo wapansi m'chipale, inafika Loweruka m'mawa, ndalama za basi zili kale m'thumba. Ndisanatsegule n'komwe ndinadziwa kuti zaipa, chifukwa zolemba za pa envulopu sizinali za Golnesa. Mwalembetsa kwa aphunzitsi. Muwapemphenso iwo omwewo akuwerengereni iyi, ndipo Barat akhalepo, musamve muli nokha.

Mukuti munthu uja anabwera msewu usanatsekeke, mikanda ya bambo ili m'manja, n'kunena kuti malo apezeka ndipo ine ndikudikira mwana kuno. Mukuti munakana kaye katatu monga mwa ulemu, iye anaumirira, ndipo munakumbukira kalata yanga yoti musandichititse manyazi. Mukuti munamupheranso nkhuku. Mukuti mwana anakwera galimoto atavala diresi lobiriwira, akuseka. Makalata anga awiri a Januwale ndiye kuti akadali kumunsi, mudzawalandira chipale chikasungunuka. Musawawerengetse, muwaponye pamoto.

Mwafunsa ngati wazolowera kuzizira kwa kuno, ngati akudya, ngati nsapato zatsopano sizikumuluma.

Zobeide, ine mwanayo sindinamuone. Sanabwere naye kwa ine. Kulibe mlongo, kulibe nyumba yosokera.

Musadzimenye pachifuwa, simunalakwe. Njira ndinamuuza ndine, mikanda ndinamupatsa ndine, pa nsanja paja ndinakhala ndine. Inu munangochita zomwe mwamuna wanu analemba.

Ndinapita kwa a Haji ndikulira, ndinawagwira miyendo kuti andiuze kumene munthu uja amakhala. Anati kasitomala ndi kasitomala, amadya, amalipira, amapita, iwo safunsa kwawo kwa munthu. Ndinakadandaula kupolisi. Anandifunsa dzina lake lonse ndi nambala ya galimoto, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti munthu amene ndinamutcha m'bale ndimangodziwa dzina limodzi, mwinanso si lake. Alemba, akuti afufuza.

Ntchito ndasiya. Mbaniro ndinasiya pa mbaula, ndipo pofika madzulo anali atapeza kale wamakala wina, bambo wa ku Ilam. Ndinamukokera pambali n'kumuuza kuti aliyense akamuitana kudya pa nsanja, akane kanayi, akane kakhumi, athawe. Anandiyang'ana ngati wamisala. Mashti Ghorban walumbira pa zidzukulu zake kuti nthawi ino sakhala chete, ndipo munthu uja akadzangoonekera adzanditumira uthenga.

Kumudzi sindibwera. Musandidikire chaka chatsopano mu Malichi, ndipo ndalama sizibweranso. Mugulitse zafarani otsala aja, mbuzi ziwiri mupatse Barat azisunge. Mwana akapeza mpata wothawa adzathamangira ku mabasi akwathu, monga ankafunira mtsikana wa ku Kashmar uja, choncho ine ndizikhala kumeneko.

Dzulo ndinapita ku depoti ya kumwera. Bambo wa ku Lorestan ndinamupeza pa benchi pafupi ndi khomo, monga ananenera Mashti. Anayang'ana zala zanga zopsazi, anayang'ana nkhope yanga, n'kusendera kuti ndikhale. Tinadikira limodzi mpaka basi ya ku Mashhad inalowa. Iye anaimirira n'kutulutsa chithunzi chake m'thumba, kenako anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Chako chili kuti?"

Zobeide, chotsani pakhoma chithunzi chija mwana wathu anajambulitsa pa ukwati wa mwana wa Barat, chomwe waima pafupi ndi inu. Mudule mbali yanu musunge, mbali yake munditumizire ndi dalaivala msewu ukangotseguka. Changa chija anatenga ndi munthu uja.

Safarali